Frederick Lugard: kaputeni amene analephera ku Karonga n'kukalanda kumpoto kwa Nigeria

Mu Juni 1888, kusanache, azungu pafupifupi 20 ndi Aafirika mazana angapo, ambiri mwa iwo Atonga, anafika mwakachetechete pa linga la Kopakopa, wamalonda wogwira akapolo, kufupi ndi Karonga. Wowatsogolera anali kaputeni wa zaka 30 wa gulu lankhondo la Britain, dzina lake Frederick Lugard. Lingalo linali la mitengo yomata ndi dothi, lokhala ndi ziboo zoomberapo, ndipo zipolopolo za mfuti wamba sizinkaliboola. Lugard anayesa kukwera khoma kuti anthu ake amutsatire, koma wina wa mkatimo anamuombera chapafupi. Chipolopolo chimodzi chinalowa pa mkono wamanja, kudutsa pachifuwa osakhudza mtima, n'kukaphwanya dzanja lamanzere. Nkhondo ya tsikulo inathera pomwepo, ndipo dzanjalo linamuvutitsa mpaka ukalamba.

Funso loyenera kufunsa ndi lakuti kaputeniyu ankafunanji ku Karonga, popeza boma la Britain silinamutume ndipo dziko lino linali lisanakhale m'manja mwa Angerezi. Yankho lake likufotokoza m'mene mbali yaikulu ya Afirika inalandidwira.

Lugard anabadwira ku Madras, ku India, pa 22 Januwale 1858. Bambo ake anali m'busa wa asilikali, mayi ake anali mmishonale, ndipo ndalama pabanjapo zinali zosowa. Analowa usilikali mu 1878 ataphunzira milungu yowerengeka yokha ku sukulu ya usilikali ya Sandhurst. Anamenya nawo nkhondo ku Afghanistan, ku Sudan mu 1885, kenako ku Burma. Ku Sudan ndi ku Burma ntchito yake yaikulu inali yoyendetsa katundu wa asilikali, yomwe anzake ankaiona ngati yapansi. Koma munthu amene wadziwa kuwerengera chakudya cha amtengatenga ndi kusunga ziweto zonyamula katundu zamoyo paulendo wautali, wadziwa chinthu chimene chinkagwetsa maulendo ambiri a azungu mu Afirika. Mu 1887 chibwenzi chake ndi mayi wina chinatha moipa, thanzi lake linali litafooka ndi malungo, ndipo anatenga tchuthi cha matenda. Anakwera sitima ngati munthu wosauka, n'kukadzipereka kwa Ataliyana ku doko la Massawa, m'dziko limene lero ndi Eritrea, kuti awamenyere nkhondo. Iwo anamukana. Anapitirira kummwera mpaka ku Mozambique, kumene anamva kuti kampani ya African Lakes, ija tonse timaidziwa kuti Mandala, ikufuna munthu wodziwa nkhondo.

Mkangano wa ku Karonga unali wa Mlozi, wamalonda wachiswahili amene anamanga linga ku Mpata n'kudzitcha sultani wa dziko la Angonde. Iye pamodzi ndi Kopakopa ndi Msalema ankagwira akapolo ndi kusonkhanitsa minyanga ya njovu. Mu 1887 anthu awo anatentha bango la ku Kambwe m'mene Angonde anabisala, ndipo ambiri anafera momwemo. Nkhanzazi zinali zenizeni, sizopeka za amishonale. Komabe Mandala yomweyo inkagula minyanga kwa amalonda omwewa isanayambane nawo, ndipo malinga a anthu atatuwa anali pakamwa pa njira yopita ku nyanja ya Tanganyika, imene kampaniyo inkaidalira pa malonda ake. Kuthetsa ukapolo ndi kuteteza njira yamalonda zinakumana pa linga limodzi. Kwa Lugard, zinthu ziwirizi sizinasiyanenso moyo wake wonse.

Atachira anabwerera ku Karonga. Kumayambiriro kwa 1889 kunafika mzinga waung'ono, koma zipolopolo zake zinkangoboola dothi la linga osaligwetsa. Mu Malichi chaka chomwecho Lugard anachoka, Mlozi akadali pampando. Iye ankayembekeza kuti akapatsidwa udindo wolamulira dera la nyanjayi, koma mwayiwo unagwera Harry Johnston, amene anapangana mtendere ndi Mlozi mu Okutobala 1889, n'kudzamugonjetsa ndi kumupachika mu Disembala 1895.

Apa m'pofunika kumvetsa dongosolo la nthawiyo. Nduna za ku London zinkafuna maiko, koma nyumba yamalamulo sinkafuna kulipira. Njira yake inali kupatsa makampani chikalata cha mfumukazi chowalola kupangana mapangano ndi mafumu, kusunga asilikali ndi kutolera msonkho. Kampani ikapambana, mbendera ya Britain inkakwera. Ikalephera, boma linkati si ife. Makampaniwa ankasowa anthu odziwa nkhondo, ndipo gulu lankhondo linkalola maofesala ake kupita kukagwira ntchito kunja dzina lawo likadali m'kaundula. Kwa zaka pafupifupi khumi Lugard anali msilikali waganyu wa mtundu umenewu, ndipo anagwirira makampani anayi.

Yachiwiri inali Imperial British East Africa Company ya William Mackinnon. Mu Disembala 1890 Lugard anawoloka mtsinje wa Nile osadikira chilolezo cha Kabaka Mwanga, mfumu ya Buganda m'dziko limene lero ndi Uganda, n'kumanga msasa pa phiri la Kampala moyang'anizana ndi nyumba yachifumu ya ku Mengo. Anali ndi asilikali ochepa ndi mfuti ya chiwaya imodzi ya mtundu wa Maxim, yakutha ndi ulendo. Pa 26 Disembala Mwanga anasaina pangano monyinyirika. Buganda panthawiyo inali yogawikana patatu. Asilamu anali atathamangitsidwa. Akatolika, omwe ansembe awo anali Afalansa, ankatchedwa Wafaransa, ndipo Apulotesitanti a mishoni ya Angerezi ankatchedwa Waingereza. Maudindo a ufumu ndi minda zinali zogawidwa potsata mpingo, choncho munthu akasintha mpingo pankabuka mlandu wa malo.

Podziwa kuti mphamvu zake n'zochepa, Lugard anapita kumadzulo mu 1891 kukafuna asilikali. Kufupi ndi nyanja ya Albert anapeza asilikali a ku Sudan amene Emin Pasha, bwanamkubwa wa boma la Egypt kummwera kwa Sudan, anawasiya, motsogozedwa ndi Selim Bey. Pamodzi ndi akazi, ana ndi antchito awo analipo masauzande. Ambiri anawaika m'malinga a m'malire a maufumu a Toro ndi Bunyoro opanda malipiro okwanira, ndipo iwo ankadya zolanda kwa anthu a m'midzi yoyandikira. Anabwezanso Kasagama pa ufumu wa Toro kuti akhale chotchinga kwa Kabalega, mfumu ya Bunyoro.

Mu Januwale 1892 Mkatolika wina anapha Mpulotesitanti pa mkangano wa mfuti, ndipo Mwanga anagamula kuti wakuphayo alibe mlandu. Lugard anakana chigamulocho ndipo anagawa mfuti kwa Apulotesitanti. Pa 24 Januwale nkhondo inabuka ku Mengo, chiwaya chinalankhula, ndipo Akatolika anagonja. Mwanga anathawira pa chilumba cha Bulingugwe, kumene wachiwiri kwa Lugard, Kaputeni Williams, anamutsatira ndi chiwaya. Anthu ambiri anafera m'madzi mabwato awo atamira. Mu Malichi Mwanga anabwerera n'kuvomera pangano latsopano, Apulotesitanti anatenga maudindo akuluakulu, ndipo Akatolika anapatsidwa chigawo cha Buddu. Ku France nkhaniyi inautsa mkwiyo waukulu, moti pambuyo pake Britain inalipira chipukuta misozi kwa ansembewo.

Kampaniyo ndalama zinali zitaithera ndipo inkafuna kuchoka ku Uganda. Lugard anabwerera kwawo n'kuyendayenda m'mizinda, kulankhula m'matchalitchi ndi m'mabungwe a amalonda. Kwa a mpingo ankati Akhristu aphedwa ndipo ukapolo ubwerera, kwa amalonda ankakamba za misika. Ntchitoyi inamuyeretsanso dzina pa milandu ya ku Mengo. Mu 1894 Uganda inakhala m'manja mwa boma la Britain. Luso limeneli, lomenya nkhondo kutali kenako n'kudzailongosola yekha kwa anthu akwawo, ndilo linamusiyanitsa ndi maofesala ena ambiri amene anachita zofanana koma mayina awo anaiwalika.

Maganyu awiri otsatira sachedwetsa. Mu 1894 George Goldie wa Royal Niger Company anamutuma kukapikisana ndi Afalansa kuti ndani ayambe kufika ku Nikki, m'dziko la Borgu. Anafika mu Novembala, masiku ochepa Afalansa asanafike, ndipo pobwerera analasidwa muvi wapoizoni m'mutu. Khama lonselo linapita pachabe chifukwa pangano la Britain ndi France la 1898 linapereka Nikki kwa Afalansa, ndipo lero mzindawu uli ku Benin. Mu 1896 anadutsa chipululu cha Kalahari kupita ku nyanja ya Ngami kukafufuzira kampani ina miyala yamtengo wapatali, m'chaka chimene mliri wa ng'ombe unapululutsa ziweto zokoka ngolo. Ali komweko, nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, Joseph Chamberlain, inamuitanitsa mu 1897 kuti akakhazikitse gulu lankhondo la West African Frontier Force. Asilikali ake anali Ahausa ndi Ayoruba, maofesala okha ndiwo anali azungu.

Pa 1 Januwale 1900, ku Lokoja, mbendera ya kampani ya Goldie inatsitsidwa ndipo Lugard anakhala mkulu wa boma kumpoto kwa Nigeria. Papepala ankalamulira dziko lalikulu kuposa Britain yeniyeniyo. Kunena zoona ankalamulira timadera ta m'mbali mwa mitsinje ya Niger ndi Benue. Kumpoto kunali ufumu wachisilamu wa Sokoto, umene unayamba ndi nkhondo ya Usman dan Fodio, mtsogoleri wachisilamu wa mtundu wa Afulani, mu 1804. Unali ndi mafumu otchedwa ma emir, makhoti, alembi olemba m'Chiarabu, misonkho ndi mizinda yamalinga aatali monga Kano. Unalinso ndi akapolo ochuluka kwambiri, ndipo ma emir ena ankapitabe kukagwira anthu m'mitundu yoyandikana nawo.

Lugard anawathyola mmodzimmodzi. Bida, Kontagora ndi Yola zinagwa mu 1901, Bauchi mu 1902. Chaka chomwecho ofesala wachingerezi, Kaputeni Moloney, anaphedwa ku Keffi ndipo womuphayo anathawira ku Kano, kumene analandiridwa bwino. Chifukwa chinapezeka. Lugard sanadikire kuti London ivomere ndi mtima wonse. Gulu la asilikali osakwana 1,000, lotsogozedwa ndi Colonel Morland, linalanda Kano pa 3 Febuluwale 1903 ndi Sokoto pa 15 Malichi. Asilikali apakavalo okhala ndi mikondo ndi malupanga sakanatha kufika pafupi ndi anthu oima mwadongosolo ndi ziwaya. Sultani Attahiru wa Sokoto anathawira kum'mawa ndi khamu la anthu omutsatira, ndipo anaphedwa ku Burmi mu Julayi.

Zimene Lugard ananena kwa akuluakulu a Sokoto atangolanda mzindawo ndizo maziko a zonse zotsatira. Anawauza kuti Afulani analanda dzikolo ndi nkhondo m'masiku a dan Fodio, n'kutenga mphamvu yoika mafumu ndi yotolera msonkho, ndipo tsopano popeza agonja, mphamvu zonsezo zapita kwa Angerezi. Analonjeza kuti chipembedzo cha Chisilamu sachikhudza. Kenako anavomereza sultani watsopano.

Umu ndi m'mene unayambira ulamuliro wodzera mwa mafumu, umene Angerezi anautcha Indirect Rule. Anthu ena amaufotokoza ngati ulemu umene atsamunda anapereka ku miyambo ya eni dziko. Ine ndimauona ngati nzeru ya msilikali amene walanda dziko loposa mphamvu zake. Lugard analibe ndalama, analibe azungu okwanira, ndipo ochepa amene anali nawo ankadwala malungo kapena kukhala pa tchuthi. Ma emir anali kale ndi anthu otolera msonkho ndi oweruza milandu. Kuwachotsa kukanafuna ndalama zimene London sikanapereka. Kuwasunga kunali kotchipa.

Kayendetsedwe kake kanali kotere. Emir ankalandira kalata yomuika paudindo ndi ndodo yaufumu kuchokera ku boma, ndipo ankalumbira kuti adzamvera mfumu ya Britain. Pambali pake pankakhala mzungu wotchedwa Resident, amene ankati ndi mlangizi chabe. Lamulo likachokera kwa mzunguyo, linkatuluka pakamwa pa emir, kuti wamba aziona ngati mfumu yawo ndiyo yalamula. Emir sankaloledwa kusunga gulu lankhondo, kuyambitsa msonkho mwa yekha, kapena kupha munthu popanda chilolezo cha boma. Misonkho yambirimbiri yakale anaiphatikiza kukhala yochepa, kuphatikizapo wa ng'ombe wotchedwa jangali. Gawo lina linkapita ku boma, lina n'kutsala kwa emir, ndipo m'zaka zotsatira gawo lotsalalo linasanduka thumba la boma la mfumu, lolipira emir ndi antchito ake malipiro okhazikika. Makhoti a oweruza achisilamu, ma alkali, anapitiriza ntchito, koma zilango monga kudula dzanja zinaletsedwa.

Kunja zinkaoneka ngati palibe chasintha: nduwira zomwezo, akavalo omwewo, malipenga omwewo. Chimene chinasintha ndi kumene mfumu inkayang'ana ikamaopa. Kale emir wankhanza ankaopa akuluakulu osankha mafumu, abale ake olimbirana mpando, ndi anthu ake amene akanatha kumuukira kapena kusamuka. Tsopano ankaopa Resident yekha. Akasangalatsa mzunguyo, asilikali a boma ankamuteteza kwa anthu ake omwe. Akamukwiyitsa, ankachotsedwa n'kupititsidwa kutali. Lonjezo losakhudza Chisilamu linachititsanso kuti amishonale asaloledwe m'madera ambiri a ma emir, ndipo popeza sukulu za nthawiyo zinali za mishoni, kumpoto kunatsalira kwambiri pa maphunziro achizungu poyerekeza ndi kummwera. Kusiyana kumeneku kunadzavutitsa Nigeria ngakhale italandira ufulu.

Nanga ukapolo, umene unali chifukwa chimene anapereka polanda dzikolo? Lamulo lake la 1901 linaletsa kugwira ndi kugulitsa anthu, ndipo linati ana obadwa kuyambira Epulo chaka chimenecho ndi mfulu. Misika ya akapolo inatsekedwadi, ndipo ichi si chinthu chaching'ono. Koma amene anali kale akapolo sanamasulidwe. Lugard ankaopa kuti akachoka onse minda ya akuluakulu igwa, ndipo akuluakuluwo ndiwo anali mizati ya boma lake. Kapolo wofuna ufulu ankayenera kudziwombola kudzera m'khoti, ndipo othawa ankavutika kupeza malo olima. Ukapolo unathetsedwa kotheratu kumpoto kwa Nigeria mu 1936.

Chimene chinali pansi pa dongosolo lonseli chinaonekera poyera ku Satiru, mudzi wa kufupi ndi Sokoto. Mu Febuluwale 1906 anthu osauka a kumeneko, ena mwa iwo akapolo othawa, anaukira motsogozedwa ndi alaliki olengeza za kubwera kwa Mahdi, mpulumutsi amene Asilamu amamuyembekezera. Ndi makasu, nkhwangwa ndi mauta anagonjetsa kagulu ka asilikali apakavalo, n'kupha azungu atatu ndi asilikali achiafirika oposa 20. Sultani ndi ma emir sanagwirizane nawo, chifukwa oukirawo ankadana ndi olemera a Chifulani monga momwe ankadanirana ndi azungu. Mu Malichi asilikali a boma, pamodzi ndi apakavalo a sultani, anafafaniza mudziwo. Anthu pafupifupi 2,000 anaphedwa, ndipo sultani anatemberera malowo kuti asadzamangidwenso. Kwa Lugard, kukhulupirika kwa ma emir pa nthawiyi kunali umboni wakuti njira yake ikugwira ntchito.

Chaka chomwecho anatula pansi udindo. Mkazi wake Flora Shaw, amene anakwatirana naye mu 1902, sankapeza bwino m'nyengo ya ku Nigeria. Mayiyu anali mtolankhani wamphamvu wa nyuzipepala ya The Times, ndipo ndi amene anapereka maganizo a dzina lakuti Nigeria mu 1897. Mbiri yabwino ya mwamuna wake ku London inadalira kwambiri cholembera chake ndi anthu amene ankadziwana nawo. Kuyambira 1907 mpaka 1912 Lugard anali bwanamkubwa wa Hong Kong, ntchito yomwe sankaikonda, ngakhale kuti kumeneko ndi kumene anasiya chinthu chimene anthu sakangana nacho kwambiri, yunivesite ya Hong Kong.

Mu 1912 anabwezedwa ku Nigeria kuti akaphatikize kumpoto ndi kummwera, ndipo izi zinachitika pa 1 Januwale 1914. Chifukwa chachikulu chinali ndalama. Kumpoto kunkadalira thandizo lochokera ku thumba la boma la Britain chaka ndi chaka, pamene kummwera kunkapeza zochuluka pa msonkho wa katundu wolowa pa madoko, makamaka mowa waukali wa m'mabotolo. Kuphatikiza matumba awiriwa kunapepuza London. Koma Lugard anasiya zigawo ziwirizi zikuyendetsedwa padera, chilichonse ndi akuluakulu ake, moti anthu a mbali ziwirizi sanaphatikizidwe m'chilichonse chooneka.

Cholakwa chake chachikulu chinali kuganiza kuti zimene zinayenda ku Kano ziyenda paliponse. Mafumu a Chiyoruba analibe mphamvu za emir, ankalamulira pamodzi ndi mabwalo a akuluakulu, ndipo anthu awo sanazolowere msonkho wa pamutu. Atawakweza mafumuwo n'kubweretsa msonkho, kunabuka zipolowe ku Iseyin mu 1916 ndi kwa Aegba a ku Abeokuta mu 1918, kumene anthu mazana anaphedwa. Kwa Aigbo, kumene midzi yambiri inkadzilamulira popanda mfumu yaikulu, boma linkadalira mafumu ochita kupatsidwa chikalata, anthu amene mudzi sunawasankhe. Mkwiyo wa pa iwo ndi pa msonkho unaphulika mu 1929, Lugard atachoka kale, pamene amayi masauzande anaukira m'dera la Aba. Anthu ophunzira a ku Lagos, maloya ndi atolankhani, iye ankawanyoza poyera, ndipo nyuzipepala zawo zinakondwera pamene ankachoka mu 1919.

Atapuma ntchito ndi pamene mphamvu zake zinafika patali. Mu 1922 anatulutsa buku lotchedwa The Dual Mandate in British Tropical Africa, limene linakhala ngati buku la malangizo kwa achinyamata opita kukagwira ntchito ya u DC. Mfundo yake inali yakuti mtsamunda ali ndi maudindo awiri, kutukula chuma cha Afirika kuti dziko lonse lapansi lipindule, ndi kutukula eni dziko. Anavomera mosabisa kuti azungu sanabwere chifukwa cha chifundo chokha, koma ankakhulupirira kuti mbali ziwirizi zingapindule limodzi. Funso la amene adzagamule zikasemphana sanalione ngati funso. Anakhala zaka zoposa khumi m'komiti ya bungwe la maiko la League of Nations yoyang'anira maiko olandidwa kwa Germany ndi Turkey, analowa m'nyumba yamalamulo ya ma Lord mu 1928, ndipo anamwalira pa 11 Epulo 1945.

Njira yake inayenda ndi anthu amene anagwira naye ntchito. Donald Cameron anaitengera ku Tanganyika atakhala bwanamkubwa mu 1925. Ku Nyasaland inafika ndi malamulo a 1933, amene anapatsa mafumu ena udindo wa Native Authority pamodzi ndi makhoti awo. Boma ndilo linkasankha kuti mwa mafumu ambirimbiri ndani akhale pamwamba, ndipo m'madera a Achewa ndi Amang'anja, kumene mphamvu zinali zomwazikana m'mabanja ndi m'midzi, kusankhako kunadzetsa mikangano ya mipando. Mfumu yovomerezedwa inkathandiza kutolera msonkho, kuweruza milandu ing'onoing'ono, ndipo pambuyo pake kukakamiza anthu malamulo a ulimi monga kupanga mizere ndi milambala, zimene zinadanitsa mafumu ambiri ndi anthu awo. Malire a mphamvuzo anaoneka mu 1953. Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu itauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, boma linaichotsa paudindo n'kulamula kuti ichoke m'dera lake. Apolisi atabwera kudzaitenga, anthu ake anawatsekereza, ndipo inathawira ku Mozambique pamodzi ndi m'busa Michael Scott. Apwitikizi anaibweza m'manja mwa boma la Nyasaland, ndipo inamwalira chaka chotsatira isanabwezeredwe paudindo.